Sisitere Selestina, Amene Anagwadira Mng'ono Wawo

Sisitere Selestina Kamwaza, amene tawaika m'manda mwezi wathawu, sanakhalepo mkulu wa chinthu chilichonse kupatula khasu ndi mphika. Ambiri tikuwakumbukira chifukwa cha phala la ana amasiye, ndiponso kukalipa kwawo akaona munthu akudutsa pakati pa mizere ya kudimba. Izo n'zoona, koma tikalekera pomwepo tawachepetsa. Mtanda umene anasenza zaka zoposa khumi sunali kudimba ayi. Unali kumvera mng'ono wawo wa bere limodzi, ndi funso limodzi limene mng'ono wawoyo sankaloledwa kuyankha.

Selestina anabadwira ku Tsangano, kumapiri kuja kumene chisanu cha mu Juni chimang'amba milomo. Bambo ake, a Jasper Kamwaza, ankapita kumigodi ya ku Joni. Ulendo wotsiriza anabwera ndi wailesi, jekete lolemera, ndi chifuwa chimene chinawatenga posakhalitsa. Anasiya ana atatu: Selestina woyamba, kenako Fyson, ndi chitsiriza Edna. Mayi awo, Anambewe, analibe china koma munda wa mbatata ya kachewere, choncho Selestina anasiya sukulu kuti ang'ono ake aphunzire. Edna ndiye anali ndi mutu, komanso kamwa. Akazemba kokapalira n'kukabisala ndi buku kuseri kwa khola, Selestina ankathyola kanthambi ka pichesi n'kumulondola komweko.

"Iwe Edna, zilembozo ndiye udya madzulo ano?"

"Achemwali, nditsirize tsamba limodzi lokha!"

Tsambalo ankakatsirizira kumunda, akufwenthera.

Selestina atanena kuti akufuna usisitere, Anambewe sanakane. Anati mmodzi apite kwa Mulungu, winayo asunga pakhomo. Pa tsiku la malumbiro ake amalume ake anatsika ndi zishango n'kuvina ngoma pabwalo la tchalitchi mpaka fumbi kobo. Koma patapita zaka, Edna atamaliza maphunziro a uphunzitsi, nayenso anakagogoda pakhomo lomwelo. Apa mpamene mayiwo analira. Fyson anali atapita kale kuchikamwini.

"Ana aakazi awiri okha, onse m'velo!" anatero Anambewe. "Nanga ndikadzadwala adzandisambitse ndani? Fyson?"

Anthu anaseka, poti mayiwo anali ojintcha, osenza thumba la kachewere popanda wowatwika.

Amene sadziwa amaganiza kuti asisitere amangokhala n'kumapemphera, aliyense m'mene wafunira. Si choncho. Chipani cha asisitere chimene ana a Anambewe analowa n'chaching'ono, nyumba yake yaikulu ili chakufupi ndi Manjawira, koma chili ndi malamulo othina. Nyumba iliyonse ili ndi mkulu wake, amene amapereka chilolezo ngakhale chopita kumsika. Pamwamba pa onse pali Mayi Wamkulu, wosankhidwa ndi asisitere onse amene anachita malumbiro osatha, pamsonkhano umene amautcha chaputala. Amalamulira zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo angasankhidwenso kamodzi kokha. Salamulanso yekha. Ali ndi aphungu anayi, amene pamodzi naye amatchedwa khonsolo, ndipo onse asanuwo amalumbira kuti zokambirana m'chipinda mwawo, wanena chakuti ndani, wakana ndani, sizidzatuluka mpaka imfa.

Lamulo lina limati sisitere asagwire ntchito kwawo. Kwa Sisitere Selestina akuluakulu a nthawiyo analitsinzinira lamuloli, chifukwa munda wa kachewere wa asisitere ku Tsangano ndiwo unkadyetsa nyumba zonse, ndipo panalibe wina wodziwa kuusamala. Zinakhala ngati Mulungu wazikonza yekha, pakuti Anambewe atagwa pakhonde n'kufa mbali imodzi, mwana wawo anali pafupi. Masana aliwonse, ndi chilolezo cha mkulu wa nyumba, Sisitere Selestina ankatsetsereka kupita kumudzi, kukawasambitsa, kuwapaka mafuta, kuwatembenuza ndi kuwamwetsa phala. Ankabwerera belu la mapemphero a madzulo lisanalire.

Kenako chinafika chaputala. Ambuye Episkopi anakhala kutsogolo, asisitere awiri akufunyulula timapepala ndi kuwerenga mokweza. Dzina limene linkamveka mobwerezabwereza linali la Sisitere Edna Kamwaza. Sisitere Selestina anakondwa, tisawanamizire, mpaka misozi inalengeza. Chimwemwecho chinazilala atakumbukira mwambo wotsatira. Mayi watsopano amakhala pampando patsogolo pa guwa, ndipo asisitere amabwera mmodzimmodzi, kuyambira amene analumbira kalekale, kugwada, kuika manja awo m'manja mwake ndi kulonjeza kumumvera.

Kwathu kuno mkulu sagwadira mng'ono wake. Mzere unkafupika, ndipo Sisitere Selestina ankamva maso a anzawo akuwabaya kumsana. Atafika pampandopo anaima kaye njoo, mawondo akukana. Amene anali patsogolo pawo anali mwana yemwe uja wa kuseri kwa khola, imvi zokha ndiye zachilendo. M'tchalitchi munali zii. Kenako anagwada, mawondo onse awiri.

"Ndikulonjeza kukumverani, Amayi, monga mwa malamulo athu."

Manja a Mayi Edna anali ozizira. Sanayang'anane.

Manong'onong'o sanachedwe. Nanga bwanji mkulu wake wa Mayi yekha akukhala pakhomo pa mayi ake, pamene ena mayi awo anamwalira iwo ali kutali? Nanga lamulo lija ndi la ana a ena okha? Zimenezi zinkanenedwa kochapa ndi kokhitchini, ndipo Sisitere Selestina ankazimva, koma ankati ziphwa zokha. Chaka chisanathe anaitanidwa kunyumba yaikulu.

Mayi Edna anali atakhala kuseri kwa tebulo, manja atapinda.

"Sisitere Selestina, khonsolo yagamula kuti musamukire kunyumba yathu ya ku Kasinje. Kuli ana amasiye ambiri ndipo kulibe wowaphikira."

Sisitere Selestina anasendera pafupi ndi tebulo.

"Nanga amayi?"

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa chiyani? Mukudziwa kuti akagonera mbali imodzi tsiku lonse amachita zilonda? Mukudziwa kuti phala akawamwetsa wina amalavula?"

"Takambirana ndi azimayi a mumphakati wa tchalitchi kumudziko kuti azisinthana kuwasamala. Inunso muzipatsidwa chilolezo chokawaona."

"Chilolezo sichitembenuza wodwala, Amayi."

Mayi Edna ankangoyang'ana khoma. Sisitere Selestina anadikira kuti mwina mng'ono wawo atuluka kuseri kwa tebuloko, koma amene anatsalako anali Mayi Wamkulu basi. Anawerama n'kutuluka.

Funso lija linabadwira panjira ya tsiku limenelo. Kodi aphungu anayi aja ndiwo anamupanikiza Edna, iye akukana mpaka kumugonjetsa? Kapena Edna mwini wake ndiye anayambitsa, kuti ayeretse dzina lake pamaso pa chipani, anthu aone kuti sakondera achibale? Zonse ziwiri zinali zotheka. Sisitere Selestina ankamudziwa mng'ono wawo kuti ndi wachifundo, ndipo ankamudziwanso kuti safuna kulozedwa chala.

Ku Kasinje anapeza dziko lina: kutentha kosowetsa pokhala, udzudzu, ndi dothi limene kachewere sangayerekeze n'komwe. Mkulu wa nyumbayo, Sisitere Zione, anali wamng'ono moti akanatha kukhala mwana wawo. Komabe ankapempha chilolezo kwa iye mwaulemu wonse, ndipo m'mamawa uliwonse moto wa phala unkakhala utayaka ana asanafike. Anaphunzira kudzala mpiru ndi therere m'mbali mwa mjigo. Mtima wokha ndiwo unatsalira kuphiri.

Mvula itangoyamba, a Fyson anatulukira pakhitchini, nsapato zili matope okhaokha. Moni sanapereke.

"Achemwali, siyani mthikowo tizipita."

"Kwagwanji, achimwene?"

"Mukufunsa? Amayi msana wonse ndi zilonda. Azimayi a mumphakati aja ali ndi minda yawo, lero abwera, mawa ayi. Ine ndine mwamuna, ndingawavule mayi anga? Pakamwa pawo patsala mawu amodzi, Sele, Sele. Inu muli kuno kutakasa phala la ana a eni!"

Sisitere Zione anapereka chilolezo pomwepo, cha masiku ochepa okha amene mkulu wa nyumba amaloledwa kupereka. Opitirira pamenepo ndi a Mayi Wamkulu ndi khonsolo yake.

Zimene anakapeza ku Tsangano sitizilemba zonse. Anawiritsa madzi a mchere, anatsuka zilonda, anatentha mphasa yakale, ndipo Anambewe anamwa phala osalavula. Tsiku lobwerera litayandikira, Sisitere Selestina anapita kuparishi kukaimba foni kunyumba yaikulu. Anapempha kuti awalole kukhala mpaka matenda atapepuka, kapena mpaka Mulungu atachita kufuna kwake. Amene anayankha anali Mayi Edna.

"Khonsolo yakumana dzulo pa nkhani yomweyi. Sinasinthe. Mubwerere pa tsiku lake, mudzapatsidwanso masiku ena Khirisimasi ikatha."

M'mawa wa tsikulo anawasambitsa mayi awo komaliza. Potsanzika, dzanja lamoyo la Anambewe linagwira mkanjo wawo pachifuwa, n'kukana kusiya. A Fyson anaima pakhomo, atatseka njira.

"Vulani chinsalucho, achemwali. Palibe angakumangeni. Mulungu wake uti amene amati siya mayi ako awole?"

Sisitere Selestina anaganiza zovula ndithu. Dzanja linafika mpaka paphini ya velo. Iwo eni anauza Sisitere Zione pambuyo pake kuti chimene chinawagwira sichinali chikondi cha pa chipani, pakuti tsiku limenelo chipanicho ankadana nacho. Chinali chakuti pogwada paja palibe anawakankha. "Ndinalonjeza ndili maso," ankatero. "Sindinanene kuti ndidzamvera zikandikomera."

Anatambasula zala za mayi awo chimodzichimodzi, n'kuzipsompsona.

"Ndibweranso, amayi."

"Sele," anatero Anambewe.

"Mukadutsa pano," anatero a Fyson, "ndilibe mlongo."

Anadutsa. Ena owerenga adzati uku kunali kuuma mtima, ndipo sitiwatsutsa msanga, pakuti Sisitere Selestina iwo eni sanadziyamikirepo pa zimenezi. Analira njira yonse mpaka wogulitsa matikiti anawafunsa ngati kwagwa zovuta. Anambewe anatisiya Khirisimasi isanafike, m'manja mwa mayi wina wa mumphakati.

Pamaliro panali povuta. Galimoto ya Mayi Edna itaima, nyimbo inadukiza. Azimayi amene anali pamphasa anatambalala dala kuti pasapezeke malo, wina mpaka anatsonya mokweza. Mayi Edna anaima pakhomo la siwa, kakasi, wosowa kopita. Amene anasendeza anali Sisitere Selestina.

"Amayi, khalani apa."

Ananena mokweza kuti aliyense amve, ndipo mudzi wonse unadabwa. Koma atabwera kumanda, anthu ali pa chakudya, anamukokera mng'ono wawo kuseri kwa nkhokwe. Pamenepo ulemu wa kuchipani anauika pansi.

"Edna, tili awiriwiri. Amayi tawakwirira. Undiuze, unali iweyo?"

"Achemwali..."

"Sindikufunsa zambiri. Unandikanira kapena unandipereka?"

Misozi ya Mayi Edna inali mbwembwembwe, koma anapukusa mutu.

"Za m'khonsolo sindinganene. Ndinalumbira."

"Ngakhale kwa ine?"

"Makamaka kwa inu."

Sisitere Selestina anamuyang'ana nthawi yaitali, kufuna kuwerenga yankho pankhope, koma misozi ya munthu wolakwa ndi ya munthu wosalakwa n'chimodzimodzi. Anakonza velo lawo n'kubwerera kwa anthu.

Zaka zotsatira zinali za nkhondo imene sinaoneke kunja. Ntchito ankagwira kuposa kale. Ana amene anakula ndi phala lawo lero ena ndi aphunzitsi, ena ali ndi mabanja, ndipo onse amakumbukira kuti mwana wobwera mochedwa ankadzudzulidwa kaye koma mbale yake inkakhala itasungidwa. Odwala ogona a m'midzi yozungulira ankawayendera wapansi, n'kumaphunzitsa achibale kutembenuza munthu kuti asachite zilonda, ndipo wochita mphwayi ankamulalatira osayang'ana nkhope. Koma asisitere anzawo anazindikira chinthu china m'tchalitchi. Pa pemphero la Atate Athu, akafika poti "monga ifenso tiwakhululukira," mawu okhuthala aja a Sisitere Selestina ankasowa, n'kudzamvekanso mzere wotsatira. Sisitere Zione atawafunsa anayankha mwachidule.

"Mulungu sindingamunamize m'nyumba mwake."

Mayi Edna akabwera kudzayendera nyumba ya ku Kasinje, monga malamulo amafunira chaka ndi chaka, sisitere aliyense ankalowa payekha kukacheza nawo. Sisitere Selestina ankalowa, kufotokoza za ufa, nkhuni ndi mjigo, kulandira malangizo, n'kutuluka. Funso linkafika pakhosi nthawi zonse, ndipo nthawi zonse ankalimeza. Chaputala chotsatira chinasankhanso Mayi Edna, ndipo Sisitere Selestina anagwadanso, ulendo uno movutika chifukwa cha nyamakazi. A Fyson anamwalira m'zaka zomwezo asanalankhulenso ndi Selestina kapena Edna ngakhale liwu limodzi.

Palibe akudziwa tsiku limene mawu aja anabwerera m'pemphero. Asisitere anangozindikira kuti akumveka, poyamba motsitsa, kenako bwinobwino. Yankho sanalipeze ayi. Anangotopa ndi kudikira kuti adziwe kaye asanakhululuke. Kwa anovisi, atsikana ophunzira usisitere, amene ankatumizidwa kudzaphunzira ntchito ankakonda kunena kuti, "Kumvera mkulu wachilendo n'kosavuta, poti sunamuonepo akuba shuga. Yesa kumvera amene umamudziwa."

Zaka za Mayi Edna zitatha, lamulo linawatsitsa monga limatsitsira aliyense. Anapereka makiyi, anagwadira Mayi watsopano, n'kukhalanso Sisitere Edna wamba, wopempha chilolezo chogula sopo. Atafunsidwa kumene angakonde kukakhala, anapempha ku Kasinje, ndipo anawalola. Nthawi imeneyo mtima wa Sisitere Selestina unali utayamba kufooka, miyendo ikutupa. Amene ankawatenthetsera madzi, kuwasambitsa ndi kuwatembenuza anali Sisitere Edna. Ankakangana za mchere wa m'ndiwo ndi za mawindo, ankakumbutsana mayina a ng'ombe za amalume awo, koma za Tsangano wa chaka chija sankazikhudza. Zikayandikira, wina ankayamba kutsokomola, wina kufunafuna masilipasi.

Sabata yawo yotsiriza, bambo mfumu anabwera m'mawa kudzawadzoza mafuta a odwala. Atachoka, Sisitere Edna anatseka chitseko n'kugwada pambali pa bedi. Nkhope yawo inali yotuwa.

"Achemwali, sindingalole kuti mupite musakudziwa. Ndinyamula tchimolo ine. Tsiku lija m'khonsolo..."

Dzanja lotupa la Sisitere Selestina linadzuka n'kuwatseka pakamwa. Sisitere Selestina ankapuma movutika, ndipo kwa kanthawi maso awo anali a munthu amene wafika pachitsime atayenda tsiku lonse. Ankafuna kumva. Zaka zonsezo sanafunepo china kuposa mawu amene anali kuseri kwa dzanja lawolo. Koma dzanjalo silinachoke.

"Usayerekeze," anatero. "Ine lumbiro langa ndinalisunga mpaka amayi anafera m'manja mwa eni. Ndiye iwe uswe lako chifukwa cha nkhalamba imene yatsala ndi masiku awiri?"

"Koma mukanadziwa..."

"Ndikadziwa nditani nazo? Ukati unandikanira, ndifa ndi manyazi a zaka zonse zimene ndinakukwiyira. Ukati unali iweyo, ndiyambirenso kukhululuka, ndipo mphamvu zake ndilibe. Ndinamaliza kale ntchito imeneyo, Edna. Usandibwezerenso kumunda."

Sisitere Edna anagwetsa mutu pabulangeti n'kulira ngati mwana. Mkulu wawo anawasiya alire, akuwasisita pavelo. Kenako anati mapazi akuzizira, ndipo ngati munthu wamaliza kulira angathe kuwapaka mafuta.

Anatisiya Lachisanu masana, asisitere akupemphera korona mozungulira bedi, Sisitere Edna atawagwira dzanja. Panalibe kuphupha. Anangopuma mozama kamodzi, n'kukhala chete.

Ife amene timavutika kumvera ngakhale wapampando wa mphakati chifukwa tinaphunzira naye kalasi imodzi, ndiponso amene timati tikhululuka munthu akayamba wafotokoza bwino, moyo uwu ukutichititsa manyazi. Ambuye amene Sisitere Selestina anawatumikira ndi khasu ndi mawondo awalandire, awapumitse pamodzi ndi mayi awo Anambewe.

Sisitere Edna akadali ku Kasinje, ndipo zambiri mwa izi anatifotokozera ndi iwo, osadzikometsera pena paliponse. Tisabise, pomaliza tinayesa mwayi. Tinati popeza onse okhudzidwa anapita, mwina tsopano angatitsine khutu za tsiku lija, kuti mbiriyi ikhale yathunthu. Anatiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwini wake anakana kumva," anatero. "Ndiye inu ndinu ndani?"